Viza ya sukulu yakunja imayambira pa tebulo la m'nyumba mwanu

Mwana akangolandira kalata yoti yunivesite yakunja yamutenga, pakhomo pamayamba nkhani za tikiti ya ndege ndi majekete a kozizira. Ine ndimati tadikirani kaye. Kalata ya sukulu payokha siimukweza ndege. Asukulu amaona ngati mwana ali ndi mutu wa maphunziro, koma a viza amaona ngati mapepala ake onse akunena nkhani imodzi, yoona, kuyambira dzina mpaka ndalama. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa sukulu ya sekondale muno mu Harare kwa zaka zambiri, ndipo mpaka pano Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ku Mufakose makolo amabwera ndi maenivelopu kuti tione limodzi. Ambiri mwa ana amene ndawaona akukanidwa, vuto silinali umphawi. Pepala lina linkatsutsana ndi linzake, kapena anayamba kuthamanga nthawi itatha kale. Ngati sukulu ikutsegulira Sepitembala wa chaka chamawa, ntchito iyambike Sepitembala uno.

Funso loyamba ndi loti mwanayo, pa pepala, ndi nzika ya dziko liti. Kwa ife amene makolo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku njanji, nkhani yagona pamenepa. Alipo mpaka lero amene chitupa chawo chili ndi chilembo cha A chosonyeza mlendo, chikhalirecho anabadwira ku Mbare ndipo ku Malawi sanapondeko. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, pa gawo 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Ufuluwo ulipo, koma chitupa sichisintha chokha m'chikwama. Pitani ku Makombe, ku ofesi ya boma yopereka zitupa, ndi setifiketi yobadwira yaitali ija yolembedwa mayina a makolo, pamodzi ndi zitupa za makolowo, mukonzetse chitupa kaye, pasipoti ibwere pambuyo. Inu amene muli ndi pasipoti ya Malawi, onani tsiku lomwe ikuthera, ndipo ngati yatsala pang'ono kafunseni ku ofesi ya kazembe wa Malawi muno m'tawuni nthawi ikadalipo. Onaninso kuti chilolezo chanu chokhalira mu Zimbabwe chili bwino, chifukwa wopempha viza ali m'dziko lomwe si la pasipoti yake amafunsidwa umboni woti akukhalamo movomerezeka.

Pasipoti imatsegulanso kapena kutseka makomo a sikolashipu. Zimbabwe inatuluka m'bungwe la Commonwealth mu 2003 pomwe Malawi akadali momwemo, choncho masikolashipu a Commonwealth ndi otseguka kwa nzika za Malawi. A Beit Trust amathandiza ophunzira a digiri yachiwiri ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Chevening ya boma la Britain imalandira mayiko onse awiri, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Ndimalimbikitsa kuyesa izi kaye musanagulitse puloti kapena ng'ombe, chifukwa kalata ya sikolashipu yolipira zonse imapeputsa funso la ndalama, lomwe ndi lolemetsa kuposa onse.

Tsopano chotsani mbale pa tebulo, mupukute bwino, muyalepo setifiketi yobadwira, chitupa, pasipoti, masetifiketi a ZIMSEC a O Level ndi A Level, ndi kalata ya yunivesite. Ikani chala pa dzina, muwerenge chilembo ndi chilembo, pepala lililonse. Mayina athu avutika kwambiri m'manja mwa olemba amene sankawadziwa: Phiri analembedwa Piri, Nkhoma anasanduka Nkoma, Mbewe pena Mbeve. Mtsikana wina anabwera kwa ine ndi setifiketi yobadwira ya dzina la kuchimuna, koma masetifiketi a sukulu onse anali pa dzina la amalume ake amene anamulera ku Highfield bambo ake atamwalira. Kwa ife palibe chachilendo, mwana wa mlongo ndi mwana wako. Koma kwa munthu wokhala pa kompyuta kutali, amene sadziwa za umalume, amenewo ndi anthu awiri. Tinakapeza kalata yolumbira kwa a commissioner of oaths yofotokoza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, sukulu yake yakale inalembanso kalata yotsimikizira, ndipo zonse zinatumizidwa ku yunivesite isanatulutse mapepala a viza. Chitani chimodzimodzi ndi tsiku lobadwa. Mafomu a ku America amayamba ndi mwezi kenaka tsiku, ndiye wobadwa pa 3 Ogasiti akalemba mothamanga amapezeka wabadwa pa 8 Malichi. Dzina lomwe lili mu pasipoti ndilo lilowe pa fomu iliyonse, ndendende mmene lalembedwera, ngakhale kunyumba mumamuitana lina.

Sukuluyo nayonso muifufuze. Britain ili ndi mndandanda wa masukulu ololedwa kuitana ophunzira akunja pa tsamba la boma la gov.uk, Canada ili ndi wake womwe amautcha DLI, America nayo ili ndi wa SEVP. Sukulu yosapezeka pa mndandanda singakupezereni viza ngakhale kalata yake ikhale ndi chidindo chagolide. Ana ambiri a muno akhala akupita ku Northern Cyprus chifukwa fizi imaoneka yotsika, koma dziwani kuti dera limenelo limavomerezedwa ngati dziko ndi Turkey yokha. Musanalipire kalikonse kafunseni ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba muno, ngati digiri ya sukulu imeneyo idzalandiridwe mwana akadzabwerera.

Za madobadoba a m'timaofesi ta pamwamba m'tawunimu ndinene mosabisa. Alipo ena ogwira ntchito yoona, olemba mafomu mwadongosolo, koma palibe ngakhale mmodzi amene amagulitsa viza kapena amene ali ndi "munthu wake mkati". Akakuuzani choncho, nyamukani. Ngati mwasankha kuthandizidwa, imelo ikhale ya mwanayo ndipo pasiwedi aidziwe yekha, fizi ipite mu akaunti ya yunivesite yomwe yalembedwa pa tsamba lake osati m'manja mwa munthu, ndipo fomu mwana aiwerenge yonse isanatumizidwe, chifukwa bodza lomwe walemba wina limagwera mwini pasipoti.

Tifike pa ndalama. Ndifotokoza za Britain mwatsatanetsatane chifukwa malamulo ake ndi olembedwa momveka ndipo ndi komwe ambiri amafunsa. Yunivesite ikakutengani kotheratu imakupatsani nambala yotchedwa CAS, ndipo pa CAS pamalembedwa fizi ya chaka choyamba ndi zomwe mwalipirako kale. Muyenera kusonyeza fizi yotsalayo, kuphatikizapo ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Kuyambira Novembala 2025 ndalamazi ndi £1,529 pa mwezi ku London ndi £1,171 pa mwezi kwina konse, kutanthauza £13,761 kapena £10,539. Ndalama zonsezo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la sitetimenti lisapitirire masiku 31 pofika tsiku lotumiza fomu.

Mawu oti osatsikako ndi amene amagwetsa anthu muno. Banki imadula zake za mwezi, msonkho wa IMTT umadula pa ndalama zotumizidwa, ndiye munthu amene anaika ndalama zokwanira ndendende amapezeka kuti pa tsiku la 19 zinaperewera ndi madola asanu. Basi, masiku 28 aja ayambirenso. Komanso ndalama zathu zimakhala m'madola a America mu akaunti ya nostro, ndipo a viza amazisintha kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku lomwe mwatumiza fomu, potengera tsamba la OANDA. Paundi ikakwera pang'ono sabata imeneyo, mwaperewera. Ikanimo zoposerapo, madola mazana angapo pamwamba, ndipo akauntiyo musaikhudze. Zogulira magetsi ndi ufa zichokere kwina.

Ndikudziwa chifukwa chake anthu muno sakonda kusiya ndalama kubanki. Amene anaona 2008, pomwe ndalama za m'mabanki zinatha mphamvu, saiwala, ndipo ambiri a ife timadalira chipereganyu, timasunga madola m'nyumba, timatumizirana pa foni. Koma a viza saona za pansi pa matiresi. Ndalama zilowe kubanki msanga, ndipo chilichonse chachikulu cholowa chikhale ndi pepala lake: ngati mwagulitsa galimoto, sungani kalata ya mgwirizano, ngati ndi za fodya, sungani mapepala a ku okushoni, ngati atumiza achimwene a ku Johannesburg, sungani malisiti. Canada imafuna sitetimenti ya miyezi inayi ndipo imayang'anitsitsa komwe ndalama zachokera. Akaunti yomwe imakhala ndi madola makumi awiri chaka chonse kenaka mwadzidzidzi muli zikwi makumi awiri, popanda kufotokoza, imadzutsa mafunso kulikonse.

Pali lamulo lina la Britain lomwe limatipweteka ife makamaka. Akaunti iyenera kukhala ya wophunzirayo, ya mkazi kapena mwamuna wake amene akupempha viza limodzi naye kapena ali nayo kale, kapena ya kholo lake lomubereka ngakhalenso womulera amene ali ndi mapepala a khoti. Ya amalume, ya azakhali, ya achemwali aakulu siiwerengedwa, ngakhale ndi iwo akhala akulipira fizi kuyambira Grade 1. Njira zake ndi ziwiri. Amalume atumize ndalamazo mu akaunti ya mwana kapena ya mayi ake nthawi ikadalipo, masiku 28 awerengedwere mmenemo, kapena alipire fizi mwachindunji ku yunivesite kuti CAS isonyeze kuti zalipiridwa. Mukagwiritsa ntchito akaunti ya kholo, muikepo setifiketi yobadwira yaitali ija ndi kalata ya kholo yovomereza kuti ndalamazo ndi za sukulu ya mwana. Apa mukuona chifukwa chake ndinayamba ndi mayina: dzina la mayi pa sitetimenti lifanane ndi la pa setifiketi.

Sitetimenti yopanga pa kompyuta musaiyerekeze n'komwe. Amaimbira banki kufunsa, ndipo Britain ikapeza chinyengo imatseka khomo zaka 10. Mafomu a mayiko ena amafunsanso ngati munakanidwapo kwina, ndiye bodza limodzi limamutsata mwana moyo wake wonse. Zobwereka ndalama kwa katapila kuti zingogona mu akaunti masiku 28 kenaka zibwezedwe, nazonso ndimakana. Viza ikhoza kutuluka, koma mwanayo akafika kumeneko adya chiyani? Wophunzira digiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo malipiro ake angathandize pa chakudya ndi basi, osati fizi. Ndamvapo mawu a mwana pa foni usiku, sukulu itamutsekera chifukwa cha ngongole, akuopa kuuza makolo amene anagulitsa nyumba. Sindifuna kholo lina lidzamve zimenezo.

Pamwamba pa zonsezi pali mtengo wa viza yeniyeniyo, womwe unafika £524 mu Epulo 2025, ndi ndalama za chipatala zotchedwa IHS, £776 pa chaka, zolipiriratu zaka zonse za viza nthawi imodzi. Wa digiri yachiwiri ya chaka chimodzi nthawi zambiri amalipira za chaka ndi theka chifukwa viza yake imapitirira kosi ndi miyezi ingapo. Mitengoyi imakwera kawirikawiri, choncho muionenso pa gov.uk sabata yomwe mukulipira. Inu apabanja dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 wophunzira masters ya m'kalasi saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mwayiwo unatsalira a PhD, a digiri ya kafukufuku ndi otumizidwa ndi boma. Kambiranani zimenezi m'nyumba musanalipire dipoziti.

Mayiko ena ali ndi njira zawo. Germany imafuna kuti muike €11,904 mu akaunti yotsekedwa yomwe imatulutsa €992 pa mwezi mukafika, ndipo mayunivesite ambiri a boma kumeneko salipiritsa fizi, n'chifukwa chake ndimauza ana a sayansi kuti aganizireko. Canada kuyambira Sepitembala 2025 imafuna madola ake 22,895 odyera pa chaka, fizi ndi tikiti zili padera.

Mapepala ang'onoang'ono ndi awa. Wokhala mu Zimbabwe kapena Malawi amene akupita ku Britain kopitirira miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB, osati kwa dokotala aliyense koma ku chipatala chovomerezedwa, chomwe muno ndi cha IOM, bungwe loona za anthu osamuka. Setifiketi yake imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, ndiye musayezetse molawirira kwambiri, komanso musachedwe, chifukwa chithunzi cha pachifuwa chikakayikitsa amatenga makhololo ndipo zotsatira zimadikiritsa milungu yambiri. Za Chingerezi, funsani yunivesite ngati ikulandira giredi ya O Level. Ikakana, mayeso a Chingerezi a IELTS amalembedwa kudzera ku British Council. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imayamba ndi kudinda zala ku polisi ya kwanuko, kenaka ku likulu la CID.

South Africa tisaiderere chifukwa choti ndi pafupi. Ndi komwe ana athu ambiri angakwanitse, popeza mgwirizano wa zamaphunziro wa SADC wa 1997 umapangitsa kuti m'mayunivesite a boma fizi yathu iyandikane ndi ya eni dziko, ndipo mwana akhoza kubwera pa Khirisimasi pa basi ya ku Roadport. Koma mapepala ake ndi ambiri ndithu. Wa digiri yoyamba amafunika setifiketi ya exemption, yomuvomereza kulowa yunivesite, yochokera ku USAf, bungwe la mayunivesite a kumeneko, wa digiri yachiwiri nthawi zambiri amatumiza digiri yake ku SAQA, bungwe loona za masetifiketi kumeneko, kuti iunikidwe, ndipo zonsezi zimatenga nthawi. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala, medical aid, yolembetsedwa ku South Africa komweko, ya muno siiloledwa. Pamafunikanso kalata ya dokotala ndi ya kupolisi, ndipo fomu imaperekedwa ku VFS Global, kampani yolandira mafomu a viza. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'choti mwana amawoloka malire pa Beitbridge ngati mlendo wongocheza, poganiza kuti akasintha ali konko. Malamulo awo salola kusintha viza ya mlendo kukhala ya sukulu uli mkati mwa dzikolo. Amabwerera kudzayambira muno, makalasi a Febuluwale atayamba kale. Perekani fomu kalata ya sukulu ikangofika, musadikire Januwale pomwe aliyense ali pa mzere.

Za America ndinena mwachidule. Njira yake ndi fomu ya I-20 yochokera kusukulu, $350 ya SEVIS, kaundula wa ophunzira akunja, fomu ya DS-160, $185 ya viza, kenaka kukaonana ndi ofesala maso ndi maso. Koma mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wawo muno mu Harare inaimitsa ntchito zambiri za maviza, ndipo malamulo okhudza nzika za Zimbabwe ndi Malawi akhala akukhwima. Musalipire kalikonse musanawerenge tsamba la kazembeyo ndi kufunsa a EducationUSA, amene amalangiza ophunzira, ndipo mukhale ndi sukulu ya dziko lina m'thumba.

Kufunsidwa mafunso kumaopsa ana ambiri kuposa china chilichonse. A Britain nthawi zina amafunsa pa vidiyo, mayunivesite enanso amayamba afunsa okha asanapereke CAS. Mafunso ake sasintha kwenikweni: chifukwa chiyani kosi imeneyi, chifukwa chiyani sukulu imeneyi osati mayunivesite a muno a UZ kapena NUST, akulipira ndani ndipo amagwira ntchito yanji, ukamaliza udzatani. Ana athu tinawalera kuti polankhula ndi wamkulu aziyang'ana pansi ndi kuyankha motsitsa mawu, ndipo ndi ulemu wabwino, koma pamenepa mwana adzutse nkhope, ayankhe momveka. Ine ndimawakhazika pa benchi kuseri kwa tchalitchi n'kuwafunsa: tchula maphunziro atatu a m'kosi yako. Fizi ndi zingati? Tawuniyo ili mbali iti ya dziko, ndipo chipinda chogona ndi ndalama zingati pa mwezi? Amene wasankha yekha sukulu amayankha osaganiza kawiri. Amene anasankhiridwa ndi dobadoba amangoti kakasi. Mayankho oloweza pa YouTube amamveka kuti ndi oloweza. Mnyamata amene akuti akufuna kuphunzira za madzi chifukwa kwawo ku Mabvuku mipopi imakhala youma ndipo wakula akutunga pa chitsime, akunena chinthu chake, ndipo palibe angamusokoneze pa chimenecho. Ngati pali zaka zomwe mwana anakhala osaphunzira, anene zomwe ankachita, kaya ankagulitsa ku msika wa Mupedzanhamo kaya ankadwazika agogo. Ngati ali ndi m'bale kudziko komwe akupita, fomu ikafunsa alembe. Ndipo ngati anakanidwapo viza ya dziko lililonse, avomere, chifukwa kukanidwa si mlandu koma kubisa ndiye mlandu.

Britain imalola kutumiza fomu miyezi isanu ndi umodzi sukulu isanayambe ndipo yankho limabwera pafupifupi milungu itatu mutadinda zala, koma Julaye ndi Ogasiti kumadzaza. Tikiti ya ndege musagule viza isanatuluke.

Mukakanidwa, werengani kalatayo modekha, kawiri, chifukwa imatchula chomwe chalakwika. Ngati ndi masiku 28 kapena pepala losowa, zimakonzeka: lembani ku yunivesite tsiku lomwelo, mupemphe CAS yatsopano popeza yakale siigwiranso ntchito, kapena akusungireni malo mpaka Januwale kapena chaka chamawa. Kutumizanso mapepala omwewo osasintha kanthu ndi kutaya ndalama.

Viza ikatuluka, onaninso dzina, nambala ya pasipoti ndi masiku ake musanayambe kuimbira abale, ndipo cholakwika chilichonse chikonzedwe muli muno. Musafike tsiku loyambira viza lisanakwane. Funsani a ndege ngati dziko lomwe mukusinthirako ndege likufuna viza yodutsira pa pasipoti yanu, popeza ya Zimbabwe ndi ya Malawi sizilandiridwa mofanana paliponse. Kalata ya sukulu, sitetimenti ya kubanki, setifiketi ya TB, masetifiketi enieni a maphunziro ndi adiresi ya komwe mukagone zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati mu sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa ofesala wa pa chipata cholowera akhoza kuzifuna. Makope a zonsezi musiye ena kunyumba kwa makolo, ena muwasunge mu imelo.